Buku la Ndalama za Pakhomo: Tsamba la Makina Ofufuzira Zitsulo

Norfolk, England. Kuyambira Seputembala, alimi atakolola, mpaka Epulo. Wofufuza: bambo a ana. Wolemba: mayi a pakhomo.

ZOTULUKA

Makina, Garrett Ace 250, ogwirapo kale ntchito: £140. Amalira mosiyana akadutsa pa chitsulo wamba ndi pa siliva kapena mkuwa.

Kachipangizo ka m'manja kolozera pomwe pali chinthu dzenje likakumbidwa: £35. Popanda iko fosholo imakanda ndalama, ndipo ndalama yokandika mtengo wake umagwa.

Fosholo yaying'ono: £24. Mahedifoni: £15. Mabatire, makinawo amadya anayi nthawi imodzi: £16. Jombo ndi magolovesi: £27. Sopo wochapira zovala za matope: £9.

Kalabu ya ofufuza pamodzi ndi inshuwalansi, chaka chonse: £30. Alimi ambiri salola munthu wopanda inshuwalansi kulowa m'munda.

Petulo: £150.

Chilolezo cha mwini munda: £0. Kuno malo alionse ali ndi mwini wake, ndipo kufufuza osapempha ndi mlandu. Pangano linalembedwa papepala: kukwirira dzenje lililonse, kutseka geti, kuchoka m'munda mbewu zikamera, ndi kugawana pakati mtengo wa chilichonse chopezeka. Pamalo akale otetezedwa ndi boma sitipondapo, ngakhale mwini munda atalola.

Mphatso ya Khirisimasi kwa mlimiyo ndi akazi ake, tiyi wa ku Mulanje ndi mabisiketi: £12.

Timabokosi tosungiramo ndalama, iliyonse payokha: £6.

Zotuluka mpaka apa: £464.

ZOPEZEKA

Misomali, zidutswa za pulawo, zotsegulira zitini, makatiriji a mfuti za alenje: £0. Izi ndiye zambiri. Zonse zinachotsedwa m'munda, sizinabwezedwe m'dothi.

Zidutswa za mtovu, zogulitsidwa kwa ogula zitsulo: £7. Mlimi anati imeneyi tisagawane.

Mabatani ndi makobiri amkuwa obiriwira, osawerengeka: £0.

Sheleni ya George VI, 1948: £0. Ndi yoyera koma mulibe siliva. Kuyambira 1947 Britain inasiya kuika siliva m'ndalama zogulira zinthu, n'kuyamba kusakaniza mkuwa ndi nickel, chifukwa siliva ankafunika kubwezera ngongole ya nkhondo ku America.

Sikisipensi ya George V, 1931: £2. Theka ndi siliva, monga zilili ndalama zonse zasiliva za 1920 mpaka 1946. Imalemera magalamu 2.83.

Tiki ya George V, 1917: £2. Magalamu 1.41. Ndalama zasiliva za nthawi imeneyo, chaka cha 1920 chisanafike, zili ndi siliva magawo 925 pa 1,000.

Sheleni ya Mfumukazi Victoria, chaka chinafufutika: £6. Yatsopano inkalemera magalamu 5.65, yathuyi yaperewera chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Ndalama za ku Britain zotere ndi zimene zinkayenda ku Nyasaland, ndipo m'ma 1890 msonkho wa nyumba unali masheleni atatu. Ana aigwira ndipo auzidwa kuti makolo athu ankagwira ntchito m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje kuti apeze zitatu zotere. Phunziro limeneli silinalembedwe mtengo.

Sikisipensi ya Elizabeth I, 1575: £40. Kumbuyo kwa mutu wa mfumukazi kuli duwa, chizindikiro chimene chinkathandiza anthu kuisiyanitsa ndi ndalama zina zofanana nayo kukula. Chaka chili pamwamba pa chishango ndipo chikuwerengeka bwino. Inali pakuya kwa chikhatho, m'munda momwe munali balere.

Peni ya Edward I: £25. Ndi ya mtundu umene unayamba mu 1279. Inasulidwa ndi nyundo, munthu kuika kasiliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya, n'chifukwa chake siyozungulira bwino. Ndi yopyapyala ngati chikhadabo. Inatuluka m'chibuma ili yotuwa, m'mphepete mokha mukuoneka. Kutsogolo kuli nkhope ya mfumu yoyang'ana kwa woigwira, kumbuyo mtanda wautali wofika m'mphepete ndi timadontho titatu pa ngodya iliyonse. Mtandawo unafikitsidwa m'mphepete kuti wosenga siliva m'mbali aonekere. Zilembo zikusonyeza kuti inapangidwa ku London. Bambo a ana anafika nayo ali ataikulunga m'kansalu, n'kunena kuti, "Amayi, sambani m'manja kaye."

Mitengo iyi anatchula wogula ndalama zakale ataziona. Zonse pamodzi: £75. Palibe yagulitsidwa.

KUTSUKA

Madzi ndi kaburashi kofewa: £0. Mankhwala opukutira ziwiya sanagulidwe ndipo sadzagulidwa. Kukwecha kumachotsa khungu lakale la ndalama, zilembo n'kupita nalo limodzi.

ZA LAMULO

Kulembetsa: £0. Peni ndi sikisipensi ya 1575 zinaonetsedwa kwa Finds Liaison Officer wa dera lino, pansi pa Portable Antiquities Scheme, imene inayamba mu 1997 ndipo ku England imayendetsedwa ndi British Museum. Anazijambula, kuziyeza, kulemba malo enieni pomwe zinapezeka, kenako anatibwezera. Ndalama ikachoka m'dothi malo ake osalembedwa, chimatsala ndi siliva chabe. Malo akalembedwa, akatswiri amadziwa pomwe panali msika, njira kapena mudzi umene unatha.

Ziwirizi zinapezeka m'minda yosiyana, iliyonse payokha, choncho lamulo la Treasure Act la 1996 silinazikhudze. Koma ndalama zasiliva ziwiri kapena kuposerapo, zopitirira zaka 300, zikapezeka malo amodzi, wopeza ayenera kudziwitsa coroner wa deralo, mkulu wa zamalamulo woona nkhani zotere, pasanathe masiku 14. Nyumba yosungira zakale ikazifuna imalipira mphoto, ndipo kawirikawiri wopeza ndi mwini munda amagawana. Kubisa ndi mlandu. Nambala ya foni ya ofesi ya coroner yalembedwa kuchikuto kwa bukuli.

Gawo la mwini munda, theka la £75, lolipidwa kuti ndalamazo zikhale kwathu: £37.50.

KUWONKHETSA

Zotuluka zonse: £501.50.
Zolowa: £7.
Kusiyana: £494.50.
Katundu wotsala: makina ndi zida, ndalama zasiliva zisanu.
Lendi, chakhumi, fizi ya mphwanga ndi ndalama yotumiza kumudzi mwezi ndi mwezi: sizinakhudzidwe.

CHIGAMULO

Makinawa sabweretsa phindu, choncho achotsedwa pa tsamba la geni n'kuikidwa pa tsamba la thanzi ndi maphunziro. Bambo a ana amagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ndipo Loweruka la m'munda limawapatsa mpweya ndi tulo. Mwana wamkulu tsopano amatha kutchula mafumu a England motsatana ndipo wayamba kufunsa za mafumu a Amaravi.

Chaka chamawa: makina atsopano sagulidwa. Petulo asapitirire £120, ulendo uzikhala wogawana galimoto ndi a kalabu. Mabatire ochajidwa: £20. Buku la mbiri ya Malawi la mwana: £15. Pangano ndi mlimi lisainidwenso mu Ogasiti, kukolola kusanathe.