Alamu, Papaya Losapsa Ndi Ndiwo

Okondedwa alamu anga,

Ndikulemba ndili kuno ku Joni, kumene paketi imodzi ya nkhuku imakhala ndi miyendo isanu ndi iwiri koma mutu osaupeza.  Mndandanda wa katundu woti ndikweze pa basi ndauona. Mabulangete ndi nsapato zibwera, koma timabuloko ta supu ndi zokometsera ndiwo zam'mabotolo ndakana. Poti ndinu alamu anga, munthu amene ndingakangane naye osalipa mbuzi, ndifotokoza chifukwa chake. Msuzi wa nkhuku wabwino koposa umene munthu wa m'thumba mopepuka angaphike anaupeza kale anthu a ku Philippines, ndipo pafupifupi zofunika zake zonse zili pakhomo panupo, osati m'masitolo akuno.

Philippines ndi dziko la zilumba zoposa 7,600 ku Asia, kotentha, kodya mpunga m'mawa, masana ndi madzulo. Msuziwo amautcha tinola, ndipo kaphikidwe kake nkotere. Mumatenthetsa mafuta pang'ono, ongonyowetsa pansi pa poto, nkukazingamo adyo, anyezi ndi jinja wodula mopyapyala, wochuluka ngati zala zazikulu ziwiri. Jinjayo musamuumire, ndiye mwini msuzi. Fungo likakwera mumaikamo nkhuku yoduladula nkuitembenuza mpaka khungu lichite mbuu, osadikira kuti ifiire monga tichitira kwathu. Kenaka mumathira masipuni awiri a patis, madzi amchere ochokera ku tinsomba tosungidwa mumchere miyezi yambiri, ndipo pambuyo pake madzi okwanira kumiza nyama yonse. Apa pali nzeru imene inuyo mumaitaya kuseri kwa khitchini tsiku lililonse lophika mpunga: ambiri kumeneko sathira madzi apampopi koma otsukira mpunga, makamaka achiwiri, oyera mbee aja, chifukwa kaufa kampunga kamaupatsa msuzi thupi. Ukawira mumayengula thovu, nkuchepetsa moto kuti uzingobwata pang'onopang'ono mpaka nyama ifewe. Ndiye mumaikamo papaya losapsa, losenda, lochotsa njere, lodula zigawo zazikulu, kapena shushu ngati alipo. Likafewa koma lisanasungunuke mumaponyamo masamba a chammwamba kapena nsonga zanthete za tsabola, nkuphula poto nthawi yomweyo, nkuvundikira. Masambawo amapsa ndi kutentha kotsalako, ndipo amafika pambale akali obiriwira.

Tsono werengani nokha zimene ndatchulazi, muone ndani wolemera pakati pa inu ndi ine. Chammwamba kwathu timachibzala ngati mpanda, mbuzi nkumachibudula, pamene kuno masamba omwewo amawapera nkuwaika m'timabotolo tokongola pa mtengo woti munthu agwire kumutu. Mapapaya osapsa amagwa ndi mphepo ana nkumaseweretsa ngati mpira. Koma chachikulu ndi nkhuku. Msuzi wotere ulibe pobisala: mulibe tomato wophimba manyazi, mulibe utoto wofiira, kukoma konse kumachokera m'mafupa ndi m'khungu. Nkhuku ya lokolo yothamanga tsiku lonse kuthawa mphamba ili ndi kukoma kumeneko, ndipo Afilipino nawonso amati tinola weniweni ndi wa nkhuku yakumudzi. Ife kuno timadya zidutswa zouma ndi chisanu zimene amazibaya madzi amchere kufakitale, mpaka boma linachita kukhazikitsa lamulo mu 2016 loti madziwo asapitirire 15 peresenti. Ndiye kuti m'mbuyomo anthu ankagula madzi oundana nkumapatsidwa nyama ngati basela. Nkhuku yolimba, imene kuno amaitcha hardbody, timachita kuisaka ndi kuilipira mokwera, pamene inu imakulowerani m'nyumba yokha nkukachita chitosi pamphasa.

Ndikudziwa mwayamba kale kupukusa mutu. Mukuti nkhuku yopanda tomato, yosakazinga mpaka kufiira, yosambira m'madzi, ndi chakudya cha munthu wogonekedwa m'chipatala, ndipo mlendo akaiona adzakasimba kwawo kuti mwana wa eni sadziwa kuphika. Theka la mawuwa ndikuvomera: Afilipino amaphikiradi tinola odwala chimfine ndi amayi oyamwitsa, chifukwa cha jinja wofunditsa thupi ndi masamba a chammwamba amene amakhulupirira kuti amawonjezera mkaka. Koma chakudya choti wodwala nkudya sindiye kuti wamoyo chimuluma. Ndipo taganizani chimene tomato ndi mafuta amachita pa nkhuku imodzi m'banja la anthu khumi. Msuzi umatsala wochepa, wokhathamira, wongokwanira kupaka mbamu zitatu, ndiye nkhondo yonse imakhala pa nyama. Mu tinola kukoma kumasamukira m'madzi ndi m'papaya, limene palokha lilibe kakomedwe koma limamwa msuzi mpaka kumveka ngati nyama. Mwana amene walandira phazi lokha amakhutabe nkhuku. Papaya losapsa lilinso ndi utomoni wofewetsa nyama, womwewo umene makampani amapangira ufa wofewetsera nyama wam'masitolo. Mwina unali pamndandanda wanu wa mwezi wamawa.

Mukanena kuti izi nzachilendo ndipo ife tili ndi kaphikidwe kathu, ndikufunsani kuti tomato wanuyo ndi wa mfumu iti. Tomato, tsabola, papaya, ngakhale chimanga chimene timalumbirira, zonse kwawo ndi ku America. Ku Philippines papaya, shushu ndi tsabola zinachokera ku Mexico m'nthawi ya ulamuliro wa Spain, pamene zombo zamalonda zinkayenda pakati pa Manila ndi Acapulco kuyambira 1565 mpaka 1815. Kwathu chimanga chinalowa kudzera kwa Apwitikizi. Tonse tinalandira alendo omwewo, kusiyana kwake nkwakuti anzathuwo papaya analilowetsa mumphika, ife tinalisiya mumtengo kudikira kuti lipse, mbalame nkutiyambira.

Za ulemu kwa mlendo musade nkhawa, tinola si msuzi wa tsiku la njala lokha. José Rizal, ngwazi ya ku Philippines imene atsamunda a ku Spain anaiombera mu 1896, anauika pa tebulo la phwando m'buku lake lotchedwa Noli Me Tangere la mu 1887. Mwini nyumba wolemera, Kapitan Tiago, akupereka tinola kwa alendo ake, ndipo wansembe wodzimva, Padre Dámaso, akupeza kuti m'mbale mwake mwagwera khosi ndi phiko lolimba pamene ena akudya ntchafu ndi chidale, zamkati nkupita kwa mnyamata Ibarra amene wangobwera kumene kuchokera ku Ulaya. Bamboyo akukwiya, kukankha mbale, phwando nkuyamba kuwawa. Ndiuzeni ngati nkhaniyi siikanachitika kwathu. Anthu amene amadziwa kuti khosi la nkhuku lingayambitse mlandu ndi abale athu, chifukwa ifenso nthutumba ikasowa m'mbale ya abambo nkhani imafika kwa ankhoswe. Mwaonanso kuti amene analandira zabwino ndi wobwera kuchokera kunja. Sindikupempha kanthu, ndangotchula.

Pali madandaulo awiri amene sindingawakane ndi nthabwala. Loyamba ndi nsima. Mbamu ukaiviika mu msuzi wamadzimadzi imabwera yokha, yonyowa, yopanda chonyamula, ndipo achimwene adzayang'ana chala chawo modandaula. Nzoona, tinola anapangira mpunga: amathira msuzi pampunga nkumadya ndi sipuni. Koma dziko limene limalima Kilombero ku Karonga ndi Faya m'mbali mwa nyanja lisanamizire kusowa mpunga, ndipo ndi mpunga womwewo umene ukupatseni madzi ophikira. Wokakamira nsima adye nyama ndi papaya ngati ndiwo, msuzi amwere m'kapu. Lachiwiri ndi patis, amene pamsika wathu simungamupeze ndipo kuno amapezeka m'masitolo a zakudya za ku Asia. Ena akamva kuti ndi madzi a nsomba zovunditsa amagwira mphuno, koma mtundu umene umanyamula usipa ndi bonya m'chikwama ulendo wa masiku awiri pa basi ulibe ufulu wonyoza fungo la munthu. Mchere wokha umakwana, ndipo mabanja ena ku Philippines amagwiritsa ntchito womwewo. Mukafuna kuyandikirako, sinjani usipa wouma pang'ono, kuutsina chabe, muthire limodzi ndi anyezi. Sadzakhala patis, koma ntchito yake, yozamitsa kukoma kwa msuzi popanda kununkha nsomba, idzagwirika. Patebulo Afilipino amaika kambale ka patis kofinyiramo kandimu kawo kakang'ono kotchedwa calamansi ndi tsabola, kuti aliyense akonze mbale yake yekha. Inu mandimu ndi kambuzi muli nazo.

Kaphikidwe kawo kena nako kamatsata mzere womwewu, wogwiritsa ntchito zimene zili pafupi. Adobo ndi nyama yophika mu viniga, adyo ndi mchere kapena sosi wa soya, njira imene inkathandiza kuti ndiwo zisawonongeke msanga kotentha mafiriji asanabwere, ndipo ndi nzeru yofunika kulikonse kumene magetsi amabwera ngati mlendo. Sinigang ndi msuzi wowawasa ndi bwemba, bwemba yemweyo amene kwathu timangothira m'phala kapena kusiyira ana. Pachilumba cha Panay ali ndi binakol, nkhuku yophika m'madzi a kokonati, kale ankaiphikira m'kati mwa nsungwi yoika pamoto. Mphika wadothi nawo sanautaye, amautcha palayok, chifukwa umasunga moto wofatsa umene msuzi wotere umafuna.

Afilipino ndi matchona anzathu: mamiliyoni a iwo akugwira ntchito kunja, m'zombo, m'zipatala ndi m'nyumba za eni, ndipo amatumiza kwawo makatoni akuluakulu otchedwa balikbayan, odzaza sopo, zovala ndi zakudya zam'zitini. Koma iwo eni akafika kusitolo ya anthu akwawo kunjako amagula masamba a chammwamba ouma ndi chisanu m'firiji kuti aphike tinola. Ndiye ngati woyesera mukumusowa, yambani ndi tambala wokalamba wolira pakati pa usiku uja. Mum'patse moto wofatsa kwa ola ndi theka kapena kuposerapo, ndipo papaya mulidule panja ndi kulitsuka bwino, utomoni wake umayabwa m'manja. Khosi mupatse achimwene, mundiuze zimene anene.

Mupereke moni kwa amayi ndi onse pamudzi.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni.