Dipoziti Yanga Ili Padenga

Mwa zinthu zonse zimene munthu wa lendi amapereka m'manja mwa eni nyumba, palibe chimene chimalandiridwa ndi manja awiri koma n'kuvuta kubwerera monga ndalama ya dipoziti, imene pa tsiku lolowa amakuuza ndi nkhope yofatsa kuti angokusungira, ndi kuti tsiku limene udzanyamule mphasa ndi mbaula yako adzakubwezera osachotsapo ngakhale tambala. Ine, pokhala munthu wa chikhulupiriro chochuluka, ndinapereka K40,000 ku Ndirande m'chaka cha 2021, ngakhale akazi anga anandinong'oneza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ndalamayo inayamba kuwonda ndisanaifunse n'komwe, pakuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nigwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti imene inali lendi ya mwezi wathunthu inasanduka yongokwanira lole yonyamula katundu. Komabe ndinaifuna, popeza mwana wako ndi wako ngakhale ataonda.

Tsiku losamuka, titakolopa pansi ndi kupaka laimu m'zipupa mpaka nyumba inawala koposa mmene tinaipezera, achikulire eni nyumba anafika ndi kope ndi cholembera, magalasi ali pamphuno, ngati mlembi wa tsiku lachiweruzo, nayamba kuwerenga zolakwa zanga chimodzichimodzi. Analemba bowo la msomali pamene ndinapachika kalendala ya mpingo. Analemba mwaye wa kandulo, ngati kuti ndine ndinkathimitsa magetsi. Analembanso chitseko chimene chiswe chinayamba kudya Kamuzu akadali moyo. Pa nkhani ya makoswe tinakambirana nthawi yaitali, iwo akuti ndinabwera nawo m'matumba a chimanga kuchokera kumudzi, ine ndikuti ndinawapeza ali kale ndi zidzukulu; ndipo pamene ndinkayesa kuti mlandu watha, anatulukira panja naloza mpapaya umene ndinadzala ndi manja anga, nati zipatso zonse zimene ana anga anadya zinamera pa nthaka yawo. Ine ndinangoti, "Zoonadi, bambo," chipewa chili m'manja, pakuti ndinaleredwa bwino.

Atawonkhetsa ndi kuchotsera, panatsala K15,000. Ndinatambasula manja onse awiri, koma iwo anaugwira mkono wanga mwachikondi, nauloza ku malata atsopano a nyumba ina imene ankamanga kuseri, nati, "Mwana wanga, ndalama yako ilipo, siinatayike ayi, ndi imene ikuwala apoyo. Ukapeza munthu wolowa muno, dipoziti yakeyo idzakhala yako."

Chomwecho ine, amene kwa zaka zonsezi ndinkatchera mabeseni pabedi nthawi ya dzinja, ndinasanduka ejenti wosalipidwa wa nyumba yomweyo. Loweruka lapitali ndinaonetsa mnyamata wina wongokwatira kumene, ndipo ndinamuuza kuti madontho a padenga ndi mazenera a mpweya wabwino, kuti makoswe a muno ndi aulemu, ndi kuti mpapayawo ndi waulere. Mnyamatayo, ataunguza uku ndi uku, anandikokera pambali nandifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, kodi achikulirewa dipoziti amabweza?"

"Amabweza ndithu," ndinatero, "yanga ndilandira inu mukangolipira."