Kaundula wa Olemba Zandale

Mu 2023 seneta wina wa ku Florida, Jason Brodeur, anabweretsa bilu yoti aliyense wolemba pa intaneti za bwanamkubwa kapena aphungu, ngati akulandirapo kangachepe, azikalembetsa kuboma. Mwezi ndi mwezi aziulula amene wamulipira ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Akachedwa, chindapusa ndi madola 25 patsiku mpaka kufika madola 2,500. Mkuluyu ankati anthuwa sasiyana ndi aja amalipidwa ndi makampani kuti azinyengerera aphungu pokonza malamulo, omwe ku America amalembetsa kale. Biluyo inafera m'mazira. Ngakhale bwanamkubwa Ron DeSantis, amene ikanamutchinjiriza, anaikana.

Nkhaniyi itafika pa babashopu ina ku Ndirande inapeza magetsi atathima, choncho aliyense anali ndi nthawi. Pampando panali bambo wometedwa mbali imodzi, wosatha kutuluka.

"Lamulo limenelo libwere kuno mawa lomwe," anatero madala ena opuma pa uphunzitsi. "Tizidziwa kuti amene akutiuza kuti shuga watsika mtengo wadya za ndani."

Ankalankhula maso ali pa nsapato zatsopano za mnyamata wa mafoni awiri amene anthu amangomuti Analisiti. Mnyamatayu sadziwika kumene amagwira ntchito, koma pofika 6 koloko m'mawa amakhala atalemba kale pa Facebook zimene nduna inaganiza usiku. Chaka chatha ankati chipani china ndi cha mbava zokhazokha. Chaka chino akuti ndi chokhacho chimene chili ndi masomphenya.

"Madala, ine ndimalemba chifukwa chokonda dziko langa," anayankha.

Pomwepo foni ya m'thumba la kumanzere inalira. Kulira kwa uthenga wa Mpamba aliyense amakudziwa.

"Ndi asisi a ku Joni."

"Asisi anuwo ndi achifundo, achimwene," anatero wometa. "Amakukumbukirani nthawi zonse mukangotamanda nduna."

Madalawo akunena zoona, munthu ayenera kudziwa ngati mawu amene akuwerenga ndi ogula. Koma fomu ya ku Florida kuno singakwane. Kumeneko malipiro ndi madola, amalembeka. Kwathu kuno malipiro ndi bandulo ya sabata, ya fanta, nsalu ya chipani yopatsa mayi kunyumba, kukwezedwa kumbuyo kwa galimoto ya bwana popita kumsonkhano, ndi lonjezo loti zikadzayenda bwino kuli malo ku embasi. Kalaliki adzalemba bwanji lonjezo? Nanga kujambulitsa ndi bwana atakugwira paphewa ndi makwacha angati? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti. Chiyambireni palibe amene amagawa ndalama. Amangopereka ya thiransipoti, ngakhale kwa munthu amene nyumba yake yayang'anizana ndi bwalo la msonkhano.

Mayi wina wogulitsa zitenje, amene amakapikula ku Dar es Salaam, anasuzumira pakhomo.

"Inu musamaitane zinthu zimene simukuzidziwa. Ku Tanzania anachita zimenezo mu 2018, nthawi ya Magufuli. Wolemba pa intaneti ankafunika laisensi ya mashilingi oposa 2 miliyoni. JamiiForums, kumene anthu ankaululirako za katangale, inayamba yatseka. Mukuganiza kuti anasowa ndalama ya laisensi ndi ndani? Uyu bwana wake amulipirira tsiku lomwelo. Wotsekedwa pakamwa ndi uja amalemba ulere kuti kuchipatala kulibe mankhwala."

Anthu anavomereza ndi mitu, kupatula bambo wa pampando, amene ankaopa kusuntha.

Analisiti anali chete, chinthu chosachitikachitika. Kenaka anafunsa motsitsa mawu:

"Kodi munthu akalembetsa amamupatsa setifiketi?"

"Mwina."

"Ya chidindo cha boma? Nanga ka ID kokoleka m'khosi?"

Apa ndiye pamene a Brodeur sanatidziwe. Iwo ankayesa kuti munthu achita manyazi kulembedwa m'kaundula wa ogulidwa. M'tauni muno chochititsa manyazi ndi kusowa wokugula. Kaundulayo atatsegulidwa Lolemba, pofika Lachitatu mzera ungatalike kuposa wa mafuta. Angadzazemo ndi anyamata amene sanalandirepo ngakhale mayunitsi a K500, aliyense akulemba pafomu kuti amalipidwa ndi nduna ziwiri, kuti apongozi amve. Setifiketiyo ingaikidwe m'felemu pabalaza, pambali pa chithunzi cha ukwati. Mtengo nawo ungakwere, poti munthu wovomerezeka ndi boma sangatukwane otsutsa pa bandulo ya tsiku limodzi.

"Zachibwana," anatero madala aja, nanyamuka kuti azipita. "Dziko lagulitsidwa ndi ana opanda ulemu."

Atafika pakhomo anaima, nakodola Analisiti. Anayesa kunong'ona, koma munthu amene waphunzitsa makalasi a ana 100 moyo wake wonse sadziwa kunong'ona.

"Mwana wanga, penshoni yachedwanso mwezi uno. Chizungu changa ndi chabwino kuposa chako, sindiphonya galamala. Abwana akowo amapereka zingati pa positi imodzi?"