Momwe mungakhalire bwana wa agalu owonda ku Mchinji

Choyamba iwalani zimene munakula mukumva, zakuti galu wooneka nthiti ndi umboni wakuti pakhomo pagona njala. Kunja kuno kuli mitundu ya agalu imene kuwonda ndiye ulemerero wake, ndipo anthu amaigula pa mtengo wa ngolo ndi ng'ombe zake zomwe. Awa ndi agalu osaka ndi maso: akaona kanthu kakuthawa, sataya nthawi kununkhiza, amangoliyatsa liwiro. Greyhound wa ku England amafika makilomita pafupifupi 70 pa ola. Aluya ali ndi Saluki, ku Russia kuli Borzoi amene kale ankasakira mimbulu, ndipo ku Mali ndi ku Niger kuli Azawakh, amene malamulo a mtundu wake amanena poyera kuti mafupa azioneka pansi pa khungu.

Mukatero muyang'ane pansi pa nkhokwe yanu. Muona kagalu kamiyendo itali, mimba yolowa m'kati, mlomo wosongoka, kamene kanagwira kalulu kudambo chaka chatha atatentha tchire. Musakomedwe nako. Kameneko si galu wosaka ndi maso, ndi galu basi. Chimene kakusowa ndi pepala.

Pepalalo limatchula atate ake a galu, amayi ake, agogo ake mpaka agogo a agogo. Kuno kumwera kwa Africa limachokera ku bungwe la Kennel Union of Southern Africa, lomwe linayamba mu 1891, chaka chimene Angerezi anayamba kulamulira dziko lino. Ndiye kuti agalu ena a ku Cape Town mbiri ya banja lawo inalembedwa bwino kuposa ya inu ndi ine, amene tikafunsidwa chaka chimene agogo anabadwa timayankha kuti inali nthawi ya dzombe. Galu wanu wa pansi pa nkhokwe uja atate ake amadziwika ndi mudzi wonse, koma palibe amene angasainire.

Choncho muitanitse wa pepala. Ngati mukufuna kuti anthu a pa Kamwendo asiye malonda n'kumakuyang'anani, sankhani Irish Wolfhound, amene wamphongo wake msinkhu umayambira masentimita 79 pa phewa, kulemera kupitirira thumba la chimanga. Akamalowa m'dziko pamafunika chilolezo cha ku nthambi yoona za ziweto ndi kalata yotsimikiza kuti anabayidwa katemera wa chiwewe. Mukadzera ku Zambia, mudzaima naye pa nyumba yatsopano ya pachipata cha Mwami, imene atsogoleri a maiko awiriwa anatsegula mu 2022, galu ali ndi mapepala okwanira. Pamene inu mukudikira chidindo, akabaza adzakhala akudutsa njira zam'tchire ndi matumba a soya ndi feteleza, kumbuyo kwawo kukuthamanga agalu amene amadya mkute ku Malawi m'mawa, madzulo n'kukagona kwa Mpezeni, popanda wowafunsa kanthu.

Dzina nalo lisinthe. Kwathu kuno dzina la galu ndi kalata yopita kwa anansi: ukamutcha Mundiyesenji kapena Azanenaokha, aliyense amadziwa amene akunenedwa ukamaitana madzulo. Galu wa pepala sachita nawo zimenezo. Dzina lake limakhala lalitali, la mawu atatu kapena anayi, loti pamene mukulimaliza nkhuku ya eni yafa kale.

Nkhukuyo muikonzekere, chifukwa galu wotereyu sasiyanitsa kalulu ndi chiweto cha mlamu wanu. Chilichonse chothamanga ndi chake, ndipo akauyamba ulendo samva kuitana. Muziika padera kandalama ka milandu ya kwa amfumu. Kupita naye ku uzimba musayerekeze. M'nkhalango ya boma ya Mchinji kusaka popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017 zilango zake si zoseketsa. Komanso khungu la Greyhound ndi lopyapyala, chitsa cha chimanga chimaling'amba. Mudzakhala ndi mlenje woposa onse m'boma lino, womangidwa pa unyolo, akuyang'ana anzake a madeya akubwera ndi insa.

Za chakudya ndinene mwachidule: madeya ndi madzi otsukira mbale ayi. Chake chimagulidwa m'matumba ku Lilongwe kapena ku Chipata. Akakhuta bwino, nthiti zidzaonekabe. Apongozi akabwera adzamuyang'ana, adzakuyang'anani inu, kenaka adzaitanira mwana wawo kuseri n'kumufunsa ngati pakhomo pano mukudya. Mudzafotokoze za mtundu wake modekha. Sadzakhulupirira.

Tsopano chionetsero cha agalu, chimene ndicho cholinga cha mavuto onsewa. Chachikulu ndi Crufts, chomwe Charles Cruft anayambitsa mu 1891 ndipo chimachitika mwezi wa Malichi ku Birmingham. Mu 2025 anapambana ndi Whippet wa ku Italy, mng'ono wake wa Greyhound, kagalu koti mutakapeza pa msika wa Mkanda mungakaponyere chidutswa cha chinangwa mwachisoni. Kumeneko galu sagwira kalulu, salondera nyumba, sauwa n'komwe. Amaima chilili, miyendo yakumbuyo itatambasuka, mutu uli m'mwamba. Woweruza, munthu wovala suti, amamutsegula kukamwa kuona mano, amamusisita msana, ndipo akakhala wamphongo amapisa dzanja kunsi kuwerenga ngati zonse ziwiri zilipo. Apa mpamene agalu ambiri akwathu angagwere mayeso, poti tinawathena kalekale kuti asamayendeyende. Ena angagwe chifukwa woweruzayo sangabwerere ndi zala zake zonse.

Pomaliza pake mwini galu amathamanga naye mozungulira bwalo, osati liwiro lenileni, koma kandawala kaulemu. Izi muyenera kuyeserera. Bwalo la mpira la sukulu ndi labwino, makamaka m'mamawa ana asanafike. Valani jekete. Anthu opita kumunda akaima n'kumaloza, inu musayang'ane kumbali, chifukwa woweruza amaonanso mayendedwe.

Birmingham ikatalika, musataye mtima. Chionetsero cha agalu chimene chimafika kwathu kuno ndi tsiku la katemera wa chiwewe, alangizi a ziweto akabwera ndi bokosi lawo lozizira. Agalu onse a m'mudzi amafola, ena pa chingwe cha luzi, ena atanyamulidwa ndi ana, ena atathawa kale. Pitani ndi wanu, mumuimike miyendo itatambasuka. Adzabayidwa jakisoni yemweyo, ndipo aliyense adzapatsidwa kapepala, ngakhale uja wa pansi pa nkhokwe.