Malangizo kwa Eni Mudzi pa Kalandiridwe ka Tengatenga Wachitsulo

Popeza chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo popeza mbiri yatifika yakuti mafuko olemera, amene kuyambira kale akhala akusula malupanga ndi mfuti, tsopano ali pa kalikiliki kusula makina oyenda pansi opanda munthu m'kati mwake, oti azisenzera asilikali katundu, kufukula mabomba okwiriridwa ndi kututa ovulala pabwalo la nkhondo, ndaona kuti n'koyenera kuti ife a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri tipangane kusanapse, kuti tsiku limene mlendo wolemekezekayo adzatsikire pa Chileka asadzatipeze tisanasukusule.

Tiyambe tadziwa mfunda wake, pakuti wolonjera mlendo osadziwa kwawo amadzichotsa ulemu. Kholo lake linabadwira ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ngakhale msinkhu wake sunkafika m'chiuno mwa munthu, eni ake analitcha Goliath. Linkasenza zophulika, likukoka m'mbuyo chingwe chimene mbuye wake ankalilamulira nacho, kotero kuti mu 1944 anyamata a mumzinda wa Warsaw anapeza kuti chimphonacho sichilira n'komwe mwala wa Davide, koma chodulira chingwe basi. Wotsatira anabadwa mu 1972, pamene mkulu wina wa asilikali a ku Britain, Peter Miller, poona anzake akutha ndi mabomba a ku Northern Ireland, anatenga wilibala yoyendera batire n'kuisandutsa kapolo wokoka magalimoto otcheredwa. Motero anyamata a mawilibala a mumsika wa Ndirande aleke kudziderera, chifukwa ali pa chibale ndi anthu ophunzira. Aamereka nawonso, atathira chuma chambiri, anaumba chinyama cha miyendo inayi chotchedwa LS3, chosenza makilogalamu 180, koma mu 2015 asilikali awo anachikana, ati injini yake inkalira kwambiri moti mdani akanachimva asanachione. Mu 2019 asilikali a ku Estonia anafika ku Mali ndi ngolo yawo ya THeMIS yowanyamulira madzi ndi zida. Ndipo lero ku Ukraine ngolo zotere zikupititsa chakudya ndi zipolopolo kumaenje a asilikali n'kubwerako ndi ovulala, woziyendetsa ali phee patali, maso pa kanema, zala pa timabatani.

Langizo loyamba ndi ili: mlendoyu musamuope, pakuti ndi mphwathu pa ntchito. Pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, pamene Angerezi ankasakana ndi mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, kuchokera ku Karonga, kudutsa m'dziko la Ajeremani la kumpoto kwathuku, kulowa kwa Apwitikizi, kufikira iye atatula zida ku Abercorn, makina osenzera asilikali analipo kale, ndipo anali makolo athu, amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland muno, ambiri a iwo otengedwa m'midzi mokakamiza. Makina amenewo sankalira batire kapena mafuta, ankayendera kaufa kochepa ndi chikoti. Ndipo akawonongeka ndi kamwazi, njala kapena chimfine cha 1918, panalibe kulemba kalata ya ku fakitale, koma kungouza nyakwawa kuti itumize ena. Chotero mlendo akafika mupite naye ku Zomba, akagwade pa chipilala cha King's African Rifles ndi kuona kumene udindo wake unachokera. Koma malipiro a agogo ake musamuuze, angachite manyazi ndi mtengo wake.

Langizo lachiwiri likhudza zakudya, pakuti mlendo ameneyu, ngakhale alibe m'mimba, ndi wosusuka: nsima sakhudza, bonya saona, koma magetsi ndi dizilo amameza usana ndi usiku. Tsono popeza kwathu kuno magetsi ali ndi chizolowezi chokacheza kwina, ndipo mafuta amaonekera kwa okhawo opirira pamzere, ndi nzeru kuti akuluakulu alembere mdani kalata yaulemu, yomudziwitsa ndondomeko ya kuthima kwa magetsi, ndi kumupempha kuti nkhondo iziyambika akayaka, iziyamba yapuma akathima. Pakhalenso mnyamata wokhulupirika wogona pa filing'i sitesheni ndi zigubu ziwiri m'dzina la chitetezo cha dziko. Ndipo oyendetsa kabaza akam'dandaulira kuti walowerera mzere, awayankhe mofatsa kuti nkhondo ikudikira.

Langizo lachitatu ndi la njira. Amene anasula mlendoyu anamuyesa m'chipale chofewa ndi mumchenga wa m'chipululu, koma sanamuyese m'tinjira ta pakati pa nyumba za ku Ndirande, mmene anthu awiri sapambana osapepesana, kapena pa zitunda za ku Bangwe mwezi wa February, pamene msewu ndi ngalande zimasinthana ntchito. Akatitimira m'matope a m'mbali mwa Nasolo, musataye mtima, pakuti walira mvula walira matope: itanani anyamata asanu ndi atatu, amangire mitengo iwiri, am'senze pa mapewa mpaka pa tala, potero tidzakhala ndi atengatenga a tengatenga, ndipo lonjezo la andale la ntchito za achinyamata lidzakwaniritsidwa pamaso pa anthu onse. Kumbukiraninso kuti mlendoyu amamvera mbuye wake kudzera pa wailesi, ndipo mawu akaduka amangoima ngati chipilala. Zotere zinam'gwera Uran-9 wa Arasha ku Syria, amene ankaleka kumva woyendetsa ngakhale asanatalikirane kwambiri. Tsono pakhale mwana wodziwa kukwera mitengo, woti azinyamula mlongoti pamwamba pa mtengo wa mango, monga timachitira pofuna netiweki.

Langizo lachinayi, limene ndilinena monong'ona, ndi la ulonda. Amisiri a ku Ndirande, amene manja awo anadalitsika kotero kuti galimoto yofa m'mawa imauka madzulo ili mbaula, ndowa ndi mahinjesi a zitseko, sadzamuona mlendoyu ngati chida cha nkhondo, koma ngati dalitso logwa kumwamba: batire lake lidzayatsa nyumba ku Chilomoni, mawaya ake adzakwera pa sikelo ya ogula zitsulo zakutha, ndipo maso ake agalasi adzapezeka akujambula ukwati ku Zingwangwa. Choncho pafunika asilikali khumi ndi awiri, osinthana usana ndi usiku, olondera makina amene anabwera kudzachepetsa ntchito ya asilikali.

Ndalama zakunja zikavuta, monga zimachitira, langizo lachisanu ndi lakuti tiyang'ane kwa anansi athu a ku Mozambique, amene dziko lawo linalengezedwa mu 2015 kuti layera ku mabomba okwiriridwa, ndipo pakati pa ogwira ntchitoyo panali abwampini ophunzitsidwa ndi bungwe la APOPO ku Morogoro, m'dziko la Tanzania. Bwampini amanunkhiza bomba ndi mphuno, thupi lake ndi lopepuka moti akaliponda siliphulika, ndipo malipiro ake ndi nthochi, zimene ku Thyolo ndi ku Mulanje sizigulidwa ndi madola. Chenjezo ndi limodzi lokha: msilikali ameneyu asaloledwe kuyenda yekha madzulo kumene kuli anthu odziwa kukumba mbewa.

Langizo lachisanu ndi chimodzi ndilo lolemera koposa: pali mafunso amene munthu woleredwa bwino safunsa pamaso pa mlendo. Musafunse kuti makina otha kukumba ndi kusenza anali kuti mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, asilikali ndi eni mudzi akufukula abale awo ndi makasu ndi manja. Musafunse chifukwa chake ngolo yonyamula madzi ku Mali siingatungire madzi amayi a ku Machinjiri mipopi ikauma. Makamaka musatchule dzina la Chancy Chitete, msilikali wa Malawi amene mu November 2018, kufupi ndi Beni m'dziko la Congo, anatuluka pobisala zipolopolo zikuvumba kukapulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala, nam'pulumutsadi, iye mwini n'kutsala komweko; pakuti ntchito imene anaferayo ndiyo imene makinawa anasulidwira, ndipo mendulo imene bungwe la United Nations linapereka kwa mkazi wake mu 2019 siingathe kulera ana. Mafunso otere anawafunsapo John Chilembwe wa ku Chiradzulu m'kalata yake ya mu 1914, pofuna kudziwa chifukwa chimene amphawi ayenera kusiyira akazi amasiye pa nkhondo za anthu olemera. Ndipo mmene anathera munthuyo, ana a sukulu akudziwa.

Potsiriza ndilankhule ndi inu amayi ndi abambo amene ana anu avala yunifolomu. Mafuko olemera akusula makinawa chifukwa kwawo mwana wa munthu ndi wodula kuposa chitsulo. Koma kumene chitsulo chimagulidwa ndi madola, mwana n'kumalipidwa makwacha, mlembi wa chuma akawerengera bwino adzapeza kuti chofunika kuchisunga m'mbuyo ndi chitsulo, ndipo woyenera kutsogola kukaponda njira ndi mwana wanu. Musakwiye naye mlembiyo, pakuti masamu alibe chisoni. Koma mwanayo asananyamuke, m'pakeni utoto wobiriwira, mum'lembe nambala pamsana, mum'mate kachikwangwani konena kuti anapangidwira kunja ndipo zipangizo zake sizipezeka m'dziko muno. Mukatero adzam'funditsa lona mvula ikamagwa, adzam'pima thupi mwezi ndi mwezi, ndipo akadzangomva kuti watsokomola, nduna idzaitanitsa msonkhano.