Kaundula wa zimene zapita ku digiri ya filosofi ya mwana wathu

ZOTULUKA

Fizi: K650,000 pa chaka mu 2023, pamene University of Malawi inakweza kuchoka pa K350,000. Maphunziro ndi a zaka 4. Gawo lina likulipiridwa ndi ngongole ya boma ya ophunzira, koma ndalilemba kuno chifukwa ngongole imabwezedwa.

Lendi: chipinda chimodzi ku Chikanda, atsikana awiri, kugawana lendi ndi magetsi.

Chakudya: thumba la chimanga la makilogalamu 50, chigayo, nyemba, usipa, makala. Katunduyu amalipira malo akeake m'minibasi ya ku Zomba.

Mbuzi 2: zinagulitsidwa mu Novembala 2023, mwezi umene kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Zinagula laputopu imene mwini wake anaitopa nayo. Ikugwirabe ntchito.

Fotokope: apa ndi pamene ndalama imatuluka pang'onopang'ono osaleka, ndipo sindinadandaulepo. Republic ya Plato, yofunsa kuti chilungamo n'chiyani. Buku la Descartes la mu 1641, la munthu amene anayamba ndi kukayikira chilichonse kuti apeze chosakayikitsa. La Kant la mu 1781, limene tsamba limodzi limadya madzulo athunthu ndi kandulo yomwe. La John Mbiti wa ku Kenya, la mu 1969. Kenako mapepala a malemu Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa pa Chancellor College pomwepo ndipo analemba za mmene Achewa amaonera kudziwa ndi nzeru, akufukula m'miyambi yathu. Amenewa ndinauza mwana kuti akindwe chikuto cholimba, ndalama yake ndinapereka payokha. Agogo ake anawamvetsera akuwamasulira, n'kutsutsa malo awiri, iye n'kulemba zotsutsazo m'mphepete.

Bandulo ya intaneti: mwezi ndi mwezi, kuwirikiza nthawi ya mayeso.

Ganyu: munthu mmodzi wopalira ndi kubandira m'malo mwa manja ake.

Funso la amalume ake, lakuti akamaliza adzagwira ntchito yanji: silidya ndalama, limadya tulo. Ndimawayankha zoona zokhazokha. Ofesi yofuna wafilosofi ndi dzina lomwelo ndi yosowa. Ena amapita ku uphunzitsi, ena ku utolankhani, ena m'mabungwe, ena amabwerera m'kalasi kukaphunzira zamalamulo, ndiye kuti fizi inanso.

ZOLOWA

Ndalama: palibe.

Malamulo a banki m'khonde yathu: anawawerenga patchuthi n'kupeza kuti lamulo lina limati wochedwa kubweza alipire chindapusa kamodzi, lina limati sabata iliyonse. Amayi awiri anali atasiya kulonjerana chifukwa cha zimenezi, aliyense akuloza lamulo lake, ndipo onse ankanena zoona. Anatifunsa chimene tinkafuna pamene tinkakhazikitsa chindapusacho, tinamuuza, iye n'kulemba lamulo limodzi. Akuti zimenezi n'za phunziro la logic la chaka choyamba. Mtengo wake sindinalembe, koma gulu silinathe.

Kalankhulidwe: munthu akamutsutsa amayamba wabwereza mfundo ya mnzakeyo mpaka mwini wake avomere kuti ndi yomweyo, kenako n'kuyankha. Mng'ono wake wa Fomu 2 watengera.

ZOTSALA

Fizi ya chaka chomaliza. Kusindikiza ndi kukinda kafukufuku wake. Gauni. Thiransipoti ya anthu atatu kupita ku Great Hall ku mwambo wolandira digiri, agogo ake mpando wakutsogolo chifukwa cha mawondo. Mbuzi yotsala ili ndi bere, isagulitsidwe isanaswe.