Walira firiji walira batire

Agogo anga aakazi akaona mwana akuvutitsa kuti amugulire njinga ankangoti, "Walira mvula walira matope." Sankafotokoza. Ankadziwa kuti njingayo idzafotokoza yokha tsiku limene tayala lidzaphulike pakati pa ulendo wa kuchigayo. Ine mwambiwu ndinaumvetsa mochedwa, imvi zitayamba kale, m'munsi mwa mapiri a Drakensberg ku South Africa, nditagwada pamaso pa firiji pakati pa usiku, tochi ndili nayo kukamwa.

Anayambitsa zonsezi ndi alamu anga, amuna awo a achemwali, amene takhala nawo ku Johannesburg zaka zambiri. Anagula Toyota Quantum yakale, n'kuzulamo mipando, n'kuikamo bedi, kabati, kasinki ndi kachitofu ka gasi, kuti ikhale nyumba yoyenda. Vuto ndi lakuti ku Joni Quantum ndi minibasi ya tsiku ndi tsiku. Paliponse pamene tinkadutsa anthu ankatikwezera chala, ndipo mayi wina pa maroboti mpaka anagwira chitseko, n'kubwerera ataona pilo ndi bulangete.

Koma chimene alamu ankanyadira si bedi ayi. Inali firiji ya malita 50, yotsekulira pamwamba ngati bokosi la zovala, yoyendera mavolti 12. Ankaisisita ngati ng'ombe ya mkaka. "Alamu," ankatero, "kutchireko tikamwa zozizira ngati tili muhotela, ndipo magetsi a munthu sitikuwafuna." Aliyense amene anapirira kuzimazima kwa magetsi kwa 2023 m'dzikoli akudziwa kukoma kwa mawu amenewo. Ine ndinawakhulupirira ndi mtima wonse.

Tinanyamuka mu Disembala, anthu asanu: alamu, achemwali, ana awo awiri, ndi ine malume wonyamula katundu. Tinatsata N3 mpaka ku Harrismith, n'kukhotera mu R74, kudutsa damu la Sterkfontein, kutsetsereka Oliviershoek Pass, mpaka pa famu ina imene mwini wake amalola anthu kumanga misasa m'mbali mwa kamtsinje. Panalibe soketi, panalibe netiweki. Chapatali pankaoneka chikhoma cha Amphitheatre, kumene mathithi a Tugela amagwera. Malo okongola zedi, ndinamva choncho kwa ena amene anali ndi mpata woyang'ana.

Masamu a firiji ya m'galimoto ndi masamu a nkhokwe basi. Pansi pa bedi panali batire lachiwiri, losiyana ndi lolizira injini, lolembedwa 100Ah. Tingoti ndi matumba 100 a chimanga. Koma linali batire la mtovu, la mtundu wa AGM, ndipo amenewa safuna kuwakokolola kupitirira theka. Ukamatero amakalamba msanga. Ndiye matumba 50 ndi akudya, 50 enawo ndi mbewu, osakhudza. Firiji nayo, kompresa yake ikamalira, imakoka ma ampu 4 kapena 5. Siilira tsiku lonse, imapuma n'kuyambanso, koma kukatentha kupumako kumachepa, ndipo pofika mawa imakhala itadya matumba 30 kapena 40. Munda wathu unali sola ya mawatsi 100 yomatidwa padenga, imene dzuwa likaswa mtengo imalowetsa ma ampu 5 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo tsiku labwino imakolola matumba 25 kapena 30. Amene anakhalirapo malipiro a pamwezi waona kale kumene nkhaniyi ikulowera. Ife sitinaone, chifukwa masamuwa tinawachita pobwerera.

Mkangano woyamba unali wa mtengo. Achemwali ankafuna galimoto iime pamthunzi. Alamu ankafuna iime padzuwa kuti sola idye. Anapambana alamu, ndipo pofika masana m'galimoto munali ngati mu uvuni wa mabanzi. Firiji, poona kuti yaikidwa mu uvuni, inayamba kulira osapuma. Zimene sola inkakolola chifukwa cha dzuwa, firiji inkadya chifukwa cha dzuwa lomwelo. Kuwonjezera apo tinali titaipakira zakumwa zofunda zogula panjira, mabotolo khumi ndi awiri, pamodzi ndi nyama ya masiku anayi. Kuziziritsa chinthu chofunda ndi ntchito yaikulu kuposa kusunga chozizira kale, monga momwe kuwiritsa nyemba kumathera nkhuni kuposa kuzitenthetsa.

Apa m'pamene alamu anasintha. Pakhoma la kabati panali kagalasi koonetsa mavolti. Titafika kankati 12.7, kutanthauza kuti nkhokwe ndi yodzaza. Madzulo kanati 12.5. Alamu anakoka mpando, n'kuufulatitsa mapiri, n'kukhala moyang'ana kagalasiko. Tinali titayenda ulendo wa maola anayi kudzaona chilengedwe cha Mulungu, koma munthu wamkulu anali tcheru ndi manambala atatu ofiira ngati akudikira zotsatira za chisankho. Mavolti akatsika ankagogoda kagalasiko ndi chala, ngati akupempha kuti awerengedwenso.

Kenako anaika malamulo. Firiji izitsekulidwa katatu patsiku. Wofuna kanthu anene pasadakhale, ndipo adziwe mbali imene kali. Kamtsikana kawo, ka zaka zisanu ndi ziwiri, kanabwera kwa ine kakunong'ona: "Amalume, mukandipemphereko yogati kwa adadi." Ndinapita ngati nkhoswe. Ndinauzidwa kuti ndibwerenso 6 koloko.

Tsiku lachiwiri kunatentha koopsa, ndipo achemwali, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto, anayang'ana kumwamba n'kunena mawu amene sindidzaiwala: "Mvula itangogwa, abale!" Ku Drakensberg mu Disembala pemphero lotere silichedwa. Cha m'ma 3 koloko mitambo inaunjikana pamwamba pa phiri, ziphaliwali zinang'anima, ndipo inagwa mvula yoti agogo akanaivinira. Itatha sinachoke yonse. Inasiya nkhungu ndi mawawa, tsiku lonse lotsatira. Sola yathu, imene dzulo lake inkalowetsa ma ampu 5, tsopano inkalephera kukwanitsa ngakhale imodzi. Inde kunazizira, ndipo firiji inapumako, koma pachitsime chomwecho pankamweranso mafoni anayi osagwira netiweki, magetsi a m'galimoto, pampu ya kasinki, ndi sipika ya mnyamata wawo wamkulu imene anailumikiza mobisa.

Usiku umenewo ndinadzidzimuka ndi kaphokoso. Kompresa inkati ilire, n'kutsamwa, n'kukhala chete. Pakapita kanthawi, chimodzimodzi. Mafiriji amenewa ali ndi nzeru yodzizimitsa mavolti akatsika kwambiri, kuti asaphe batire. Ndinapeza alamu atagwada kale. Ndinagwada nawo. Kagalasi kankati 11.9. Awiri tonse tinali chete ngati pa siwa, mpaka iwo anati, "Alamu, muunike bwino, mwina ndi 12.9."

Kutacha tinapita kukadandaula kwa mnansi wathu yekhayo pamsasapo, bambo wina wachikulire wa ku Bloemfontein amene ankamwa khofi mosatekeseka. Anabwera, n'kusuzumira pansi pa bedi, n'kugwira waya wopita ku firiji ndi zala ziwiri ngati wagwira nyongolotsi. Waya woonda chonchi, anatero, wautali chonchi, umadya mavolti panjira, ndiye firiji imaona ngati batire lafa pamene likadali ndi kamoyo. Anationetsanso kuti tinatsekereza mphuno za firiji ndi chikwama cha zovala, moti kutentha kwake kunalibe kotulukira. Yake anali ataiziziritsa kunyumba usiku wonse ndi magetsi a pakhoma, n'kuyalamo pansi mabotolo a madzi oundana. Sola yake inali yopinda, ya chingwe chachitali: galimoto pamthunzi, sola padzuwa, itayang'ana kumpoto monga zimafunikira kuno kummwera kwa dziko lapansi. Batire lake linali la lithiamu, lopepuka mwina theka la lathu, ndipo limalola kudya matumba 80 kapena 90 pa 100 aja osadandaula. Alamu ankangogwedeza mutu ngati mwana wa sukulu amene wapezeka kuti homuweki sanalembe.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti firiji siibwera yokha. Ili ngati ukwati: umaona munthu mmodzi, koma umakwatira mudzi. Firiji imaitana batire. Batire limaitana sola. Sola imaitana kabokosi koyang'anira kutchaja. Kabokosiko kamaitana mawaya onenepa ndi mafyuzi, ndipo onsewa akakhala pansi amatumiza uthenga kwa malume wawo wamkulu, lithiamu, amene sabwera ndi basi. Sindikunyoza firiji ayi. Ine madzi ozizira ndimawakonda, ndipo amene amati kale zinthu zinali bwino sanadyepo ndiwo zogona za mwezi wa Okutobala. Ndikungodandaula kuti pogula palibe amene amakuonetsa achibalewo.

Njira yotsala inali injini. Alamu anailiza, n'kuisiya ikungolira pamalo amodzi, utsi wa dizilo ukukwera pakati pa mbalame zimene tinabwera kudzamvera. Koma batire la mtovu limamwa pang'onopang'ono ngati wodwala akumwa phala. Patatha ola anati bola tiyende, tikazungulire kumsewu waukulu. Tinayenda mamita osakwana 50. Quantum imakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo matayalawo anapeza pofewa n'kuyamba kukumba. "Alamu, tatsikani mukankheko pang'ono!" Ndinatsika. Ndinaika phewa. Iwo anaponda mafuta ndi mtima wonse, ndipo mwambi wa agogo unandifika wathunthu, kuyambira kumaso mpaka m'thumba la malaya. Inatitulutsa ndi thirakitala ya mwini famu, masana.

Amene anapulumutsa ulendowo ndi achemwali, ndipo anachita osafunsa aliyense. Nyama iyenera kukhala pa madigiri 4 kapena kutsika, ndipo yathu inali itayamba kutuluka m'malire amenewo. Anaitulutsa yonse. Soseji ya boerewors tinaotcha nthawi yomweyo, n'kuidya mmawa, masana ndi madzulo mpaka ana anayamba kupempha kabichi. Ya ng'ombe anailenga timizere, n'kuithira mchere, n'kuiwamba pamoto wa utsi monga ankachitira amayi kumudzi. Mabotolo anawaika m'thumba la malalanje, n'kulimangirira ku muzu, n'kuliponya mumtsinje. Madzi otsika m'mapiri amenewo amazizira mpaka mano kuwawa. Pofika madzulo tinkamwa zozizira ngati tili muhotela, alamu atakhala pa firiji, poti mpando wawo unali utanyowa.

Pobwerera, injini itayenda maola awiri pa N3, firiji inadzuka n'kuyamba kugwira ntchito mokhulupirika kwambiri, ikuziziritsa theka la kabichi ndi kachitini ka majarini. Titaima kuthira mafuta, netiweki itabwerera, ndinaona alamu akuseweretsa foni mobisa pansi pa chiwongolero. Anandikodola.

"Alamu, taonani ili. Lithiamu, 200Ah. Limeneli ndiye mavuto onse atha."

Achemwali sanatembenuke n'komwe. "Bambo a ana," anatero akupukuta matope pa nsapato ya mwana, "muyang'anenso pomwepo mtengo wa yunifolomu. Sukulu akutsekulira Januwale."